Khoma la pabwalo lathu ku Kawale: tijambulepo ndani?

Chikondi wa Penti: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandikhala pamtima sabata yonseyi. Ambiri mukundidziwa, ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani ndi kujambula pamakoma a mashopu kuno ku Kawale, ku Biwi mpaka ku Mchesi. Dzulo ndimayang'ana m'kope momwe ndimalemba maoda, ndipo ndapeza kuti Messi ndi Ronaldo ndawajambula mobwerezabwereza m'malo ometera ndi m'mavidiyo sho, moti nkhope zawo ndimazitha osayang'ana pachithunzi. Wosewera wa kuno kwathu sindinajambulepo ndi mmodzi yemwe. Zandiwawa.

Tsono kuseri kwa bwalo lomwe ana amasewerapo kwathu kuno kuli khoma la mpanda, lapulasitala, lotalika ngati mamita 9. Eni ake ndi agogo ena, andilola kuti ndijambulepo chomwe ndikufuna bola chisakhale cha ndale. Penti ndizigula ndekha pang'onopang'ono. Ndithandizeni maganizo: ndijambulepo ndani? Alakatuli nanunso, ndikufuna mizere iwiri kapena itatu yoti ndilembe pansi pake.

Limbani: Aise, apa palibe zokambirana. Gabadinho Mhango. Pa 25 Januwale 2022 ndinaimika minibasi msanga kuti ndikapeze malo muvidiyo sho ku Nsungwi. Mphindi 7 zokha, munthu uja anaona kuti goloboyi wa Morocco, Bounou, wasuntha pagolo, n'kuumenya ali kutali pafupi ndi pakati pa bwalo. Mpirawo uli m'mwamba tonse tinakhala chete ngati tili m'tchalitchi. Utalowa, benchi yomwe tinakhalapo inathyoka, ndipo palibe anamva kuwawa. Kunja agalu kuuwa, amayi nthungululu, Area 25 yonse ili pamsewu. Tinagonja 2-1, inde, koma usiku umenewo ndinagona ngati tatenga chikho. Mjambule ataimika mwendo, mpira uli m'malere.

A Mbewe a ku Biwi: Ana anga, chigoli cha Mhango ndinachiona ndipo ndinalira nacho. Koma khoma limakhala zaka, ndiye tiyambe ndi mizu. Kinnah Phiri anamwetsera dziko lino zigoli 71. Mu 1978 tinatenga chikho cha East and Central Africa titagonjetsa Zambia 3-2, chaka chotsatira tinakachitetezanso ku Kenya. Ndiyenso anali mphunzitsi pomwe tinathira Algeria 3-0 ku Luanda mu 2010. Munthu mmodzi, mibadwo iwiri.

Chomwe ndikufuna muchimvetse n'chakuti mu 1978 ine Kinnah sindinamuone ndi maso. Ndinali mnyamata wa pulayimale ku Mitundu. Kanema kunalibe, TVM inayamba mu 1999. Tinali ndi wailesi imodzi ya Nzeru ya amalume anga, mabatire tinkawayanika padzuwa kuti afikeko kumapeto a masewero. Mudzi wonse unkazungulira kabokosi kameneko pansi pa mtengo wa mango. Woulutsa mawu ndiye anali maso athu. Akakweza mawu, ife tinkanyamuka pansi. Akaukoka mpweya, nafe tinkaugwira. M'zaka za pambuyo pake tinamvera a Steve Liwewe Banda pa MBC, ndipo ndikunena motsimikiza kuti anthu amenewa ndi alakatuli, kungoti ndakatulo zawo amazipeka pomwepo, mpira ukuthamanga, opanda pepala. Nditabwera mutauni n'kuona Young Chimodzi pa Silver Stadium ndi maso anga, ndinapeza kuti ndinkamudziwa kale kudzera m'makutu.

Thoko: Pepani abambo, ndi ulemu wonse, koma mwatchula amuna okhaokha. Timu yomwe yanyamula dzina la dziko lino kunja kwa zaka zambiri ndi ya Queens, ya ntchemberembaye. Mu 2018 ku Gold Coast tinagonjetsa New Zealand 57-53. New Zealand! Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa World Cup ya 2015 ku Sydney. Mary Waya anasewera mpaka atsikana omwe anabadwa iye ali kale mutimu anam'peza momwemo. Kumpira wamiyendo Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia, ndipo Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kukhala wosewera wapamwamba wa chaka. Ine ndimasewera ntchemberembaye pabwalo lafumbi ku Mchesi, zigoli zathu ndi mapolo a bulugamu omangirira mkombero wa chitsulo. Ndayenda Lilongwe yense, khoma lokhala ndi nkhope ya mtsikana wamasewero sindinalione. Nyimbo yotchula mayina awo ndimaimva mwa apo ndi apo, akapambana basi, sabata imodzi yatha.

A Mbewe a ku Biwi: Wanena zoona mwana wanga. Ndavomera kulakwa.

Mphatso: Achimwene a Chikondi, ine ngati wojambula zithunzi ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi. Mukasankha aliyense mwa anthu atchulidwawa, mutenga chithunzi pa intaneti n'kuchikopera. Chithunzicho chili ndi mwini wake amene anaima padzuwa ndi kamera, ndipo lamulo la zaumwini wa luso lomwe a COSOMA amayang'anira limateteza ifenso, si oimba okha. Koma ngakhale tisiye za lamulo, nkhope yokopera pa foni imaoneka kuti ndi yokopera. Maso ake sayang'ana munthu. Ndaona ntchito zanu zambiri, ndipo yomwe imandiimitsa nthawi zonse ndi mayi uja wosenza dengu la tomato munamujambula pa golosale ina ku Biwi. Ameneyo munamuona nokha, ndiye khosi lake likuoneka kuti lalemedwa.

Chikondi wa Penti: Amenewo ndi azakhali anga. Sindimadziwa kuti pali amene amawaona.

Tadala: Moni nonse. Ndayesako mizere, mundiuze ngati ingakhale pakhomapo.

Yakani moto anyamata a Flames,
kwezani mbendera ya dziko lamtendere,
dziko la nyanja, mapiri ndi zigwa,
ife Amalawi tili pambuyo panu,
chigonjetso n'chathu mpaka muyaya.

Limbani: Zili bwino sisi, izi zikhoza kulowa.

Mayi Nabanda: Tadala mwana wanga, ndaphunzitsa Chichewa zaka 31 ndisanapume, ndipo ndikakuuza kuti zili bwino ndikhala ndakunamiza. Mizere yako ilibe cholakwa cha galamala, kamvekedwe kakenso n'kosalala. Koma ndayiwerenga katatu kufunafuna iweyo, sindinakupeze. Nyanja, mapiri, mbendera, mtendere: mawu amenewa ndawachonga m'makope a ana masauzande, aliyense amawatola pamalo amodzi. Ukachotsa Flames n'kuikapo Chipolopolo, ndakatuloyi ikhala ya ku Zambia popanda kusintha china, kupatula nyanjayo mwina. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Iwe walemba zomwe unamva kuti ndakatulo za mpira zimanena. Ndikufunse: mpira woyamba womwe unauona ndi maso ako, unali wotani? Unkanunkha chiyani? Anaupanga ndani? Iweyo unaima pati?

Tadala: Amayi, zandipweteka pang'ono, sindibisa. Ndinakhalira usiku mizere imeneyi. Koma ndamva. Ndiganizire.

Yamikani: Amayi, ndiloleni ndimuikire kumbuyo Tadala pang'ono. Ine ndimaimba ng'oma kumasapota a Silver, Lamulungu m'mawa ndimatsogoleranso kwaya kwathu ku Chinsapo. Kubwalo mawu ovuta sagwira ntchito. Anthu masauzande sangaphunzire ndime zinayi. Pamafunika mzere umodzi woti woyambitsa aponye, gulu livomere, basi, mobwereza mpaka osewera amve m'miyendo. Chaka cha 2024 pomwe tinatenga ligi, nyimbo zomwe zinatinyamula zinali za mawu osapitirira asanu.

Ndipo nyimbo za masapota sitizipeka kuchokera kumwamba. Timatenga maimbidwe omwe anthu ali nawo kale m'magazi: ya kwaya, ya pamaliro, ya mganda, ya chimtali, n'kuchotsa mawu ake, kuikamo dzina la wosewera kapena la timu yomwe tikulimbana nayo. N'chifukwa chake munthu wobwera koyamba kubwalo amavomera nawo pa ulendo wachiwiri, thupi lake likuidziwa kale. Ng'oma yanga ndi yachikopa cha ng'ombe, ndimaiwamba pamoto wa mapepala kunja kwa geti tisanalowe, pakati ndimamata phula kuti izilira mozama. Timu ikamapanikizidwa ndimachedwetsa kamenyedwe kuti anyamata aukhazike pansi mpira. Tikamaukira ndimafulumiza. Osewera ena anandiuzapo kuti amamva kusinthako. Chimandidandaulitsa n'chakuti wosewera akachoka, nyimbo yake imafa naye. Palibe amazilemba kapena kuzijambula bwinobwino. Za m'ma 1990 zomwe ankaimba akuluakulu athu pa Civo, zatsala m'mitu ya anthu ochepa kwambiri.

Mayi Nabanda: A Yamikani, simunanditsutse, mwandithandiza. Mwanena nokha kuti mumaikamo dzina la wosewera. Dzina limenelo ndiye chinthu chomwe ndikufuna kwa Tadala: chinthu chimodzi chenicheni, chogwirika. Kufupika si vuto.

Zomwe mwafotokozazi zandikumbutsa pamtondo. Ine ndinakulira kwa Kalolo, ndipo m'mawa uliwonse mudzi unkadzuka ndi kulira kwa misi. Amayi awiri pamtondo umodzi, uyu akakweza musi uyu watsitsa, ndipo nyimbo inkakwera pamwamba pa kugundako. Tinkakonola chimanga, kupeta gaga m'lichero, kuviika mphale, kenako kusinja. Ntchito yowawa msana, koma pamenepo ndi pomwe mkazi ankanena zakukhosi. Mwamuna akagona kumowa, apongozi akamuna akachulutsa zonena, mkazi mnzake akayamba matama, zonse zinkatuluka m'nyimbo. Sankatchula dzina, koma ankatchula chipewa chake, kayendedwe kake, njira yomwe anadzera usiku. Mudzi wonse unkadziwa, wolakwayo ankamva ali m'nyumba, ndipo panalibe woti n'kukamusumira mkaziyo kwa amfumu poti wangoimba. Amayi amenewo ambiri sanapite kusukulu, koma palibe anaimbapo za mapiri ndi zigwa. Ankaimba za mchere womwe watha. Chigayo chinatipulumutsa msana, ndimachiyamika, koma muphokoso la chigayo simuimbika.

Chimodzi chokha ndikupempheni inu a ng'oma. Nyimbo zolaula zachuluka kubwalo. Mdzukulu wanga wamkazi amakonda mpira, koma ndinapita naye kamodzi ndipo ndinachita kumutseka makutu. Luso lomwelo lomwe mumapekera zotukwana mungapekere zina.

Yamikani: Pamenepo sindikana amayi. Timayesa kuziletsa, koma ena amabwera atalawa kale. Woyambitsa nyimbo ndiye ali ndi mphamvu: akaponya yabwino msanga, yoipayo imasowa polowera. Ndikawauza anzanga Loweruka.

Limbani: Amayi, nyimbo za pamtondo sizinafe, zinakwera minibasi. Tayang'anani kumbuyo kwa magalimoto mudepoti, ngakhale pa malata a kumbuyo kwa njinga za kabaza. Aliyense walembapo chakukhosi kwake. Wina akuyankha achibale omwe ankamunyoza, wina akuthokoza Mulungu, wina akudandaula ngongole. Pa yanga ndinalembetsa kuti "Bola ana adye". Ndinalemba chaka chomwe mafuta anasowa, tikugona pamizere ya pafilingi siteshoni masiku awiri. Anthu akatsika amandiuza kuti adalaivala, mawu anuwo ndi anga.

Chikondi wa Penti: Ndinakulembera ndine, aise. Unkafuna zilembo zofiira, ndinakukakamiza zachikasu kuti zizioneka usiku.

Zomwe mukukambazi zandikumbutsa ulendo womwe ndinapita ku Dedza. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala, UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006. Zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula, zoyera ndi za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule. Ndinaima pansi pa thanthwe ku Mphunzi ndikuganiza kuti anthu awa analibe shopu ya penti, anatenga dothi loyera n'kujambula ndi chala zinthu za moyo wawo. Ulendo wina ndinafika ku Mua, ku Kungoni komwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976. Osema a kumeneko akamasema nkhani za m'Baibulo, anthu ake amakhala ndi nkhope zathu, amayi ovala zitenje, ana kumbuyo. Ndinabwerako ndi manyazi ndi Messi wanga uja, koma Lolemba oda inabwera ndipo ndinamujambulanso, poti lendi sidikira.

A Mbewe a ku Biwi: Za kudambwe sitikamba pagulu, koma zomwe aliyense amaona pabwalo ndinganene. Gule wamkulu, yemwe dziko lonse linamuvomereza kudzera ku UNESCO mu 2005, sanasiyepo kuyang'ana zomwe zikuchitika m'mudzi. Azungu atabwera, kunatuluka Simoni wofiira nkhope. Amishoni atabwera, kunatuluka Maliya. Magalimoto atayamba kudutsa, chinatuluka chilombo chooneka ngati galimoto. Makolo aja chilichonse chachilendo ankachitenga n'kuchivinitsa pa fumbi lawo. Ndiye iwe Chikondi usachite manyazi ndi Messi. Vuto lingakhale ngati pa fumbi lathu sujambulapo kanthu.

Yamikani: Chitsanzo china chili pafupi, a Madalitso Band. Anthu awiri, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, ankaimba m'misewu ya Lilongwe yomweyi, ambirife tinkawadutsa. Babatoni yachingwe chimodzi yopanga okha, gitala, ng'oma yomenya ndi chidendene. Mu 2017 anakaimba ku Zanzibar, lero amazungulira ku Ulaya. Sanasinthe zida kuti afanane ndi akunja. Achinyamata ambiri musitudiyo amafuna biti yomveka ngati ya ku Lagos kapena Johannesburg, ndipo ine sindiwada, nanenso ndimavina. Koma akunjawo akafuna za ku Lagos amapita ku Lagos komweko.

Mphatso: Ku Dzaleka pa Tumaini Festival ndinaonanso zomwezo. Chiyambireni mu 2014, alakatuli a mumsasa muja amalakatula za mzere wolandirira chakudya, za dzina lolembedwa molakwika pakhadi. Ena m'Chifalansa, ena m'Chiswahili, ine osamva onse, koma anthu ali duu kumvetsera.

Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Amayi Nabanda, sindinagone. Funso lanu loti ndinaima pati ndi lomwe linandigwira. Mpira woyamba kuuona unali chikulunga cha achimwene anga ku Area 36, ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nayi:

Jumbo ya shuga, jumbo ya mchere,
pakati chisanza cha diresi la amayi,
achimwene akukoka linya ndi mano.
Golo ndi patapata wanga wakumanzere,
wakumanja ali uko, akulonda golo la adani.
Ine ndaima m'mbali mwa msewu, mapazi pa dothi lotentha,
ntchito yanga kukuwa njinga ikamabwera.
Dzuwa lagwera kuseri kwa chigayo,
nsima yapola, amayi aitana kachitatu.
Chala cha achimwene chikuchucha magazi,
athirapo dothi, sanachinyebe.
Dikirani amayi, chimodzi chokha.

Mayi Nabanda: Eya. Tsopano ndakuona, mwana wanga, ndi mapazi ako omwe. "Akukoka linya ndi mano", amene sanaone sangalembe zimenezo. Usasinthe kanthu kupatula mzere wachisanu ndi chimodzi, watalika kuposa anzake, uwerenge mokweza umva pomwe mpweya ukuthera. Mwina "Ine m'mbali mwa msewu, mapazi pamoto". Koma mwini ndiwe.

Limbani: Ndawerenga ndili pa siteji ndipo ndinaiwala kuitanira anthu. Ifenso tinkatero ndendende. Jumbo yomaliza tinkaiwaula pamoto pang'ono kuti igwirane, chikulunga chizidunda. Mwini mpira sankatulutsidwa ngakhale alakwe bwanji, wamng'ono kuposa onse ankakhala pagolo. Kuthira dothi pabala, ee, mpaka lero chala changa chachikulu chilibe chikhadabo chabwino.

Thoko: Tadala, ndakatulo yako yandikhudza, koma yandikwiyitsanso. Mapatapata ndi ako onse awiri, magolo onse aimira pa iwe, koma iweyo uli kunja ukulondera njinga. Unkafuna kusewera?

Tadala: Kwambiri. Ankati ndikathyoka mwendo akakwapulidwa ndi iwo kunyumba. Tsiku lina atapita kusukulu ndinatenga chikulungacho pansi pa bedi n'kumachimenyetsa kukhoma ndekha mpaka linya inamasuka. Sindinaulule mpaka lero. Polemba sindinaganize kuti zimenezi zikuoneka, ndimangonena pomwe ndinaima.

Thoko: Zikuoneka. Tabitha ndi Temwa Chawinga nawonso anayambira pa mpira wamapepala womwewu kwawo ku Rumphi, akusewera ndi anyamata. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo analowa m'bwalo. A Chikondi, ngati mujambule ana, mtsikanayo asaime kunja. Ndakatulo inene momwe zinalili, khoma lionetse mpira uli kuphazi kwake.

Limbani: Pali chinthu chomwe ndakhala ndikuzengereza kulemba chiwerengereni za mapatapata. Pa 6 Julaye 2017 ndinali pa Bingu National Stadium. Linali tsiku lokumbukira zaka 53 za ufulu, kulowa kunali kwaulere, masana kumayenera kusewera Bullets ndi Silver. Ndinatenga mwana wa achemwali anga, anali ndi zaka 9, bwalolo linali litangotsegulidwa chaka chomwecho ndipo ankalifuna kuliona mkati. Pageti panali anthu osaneneka, ana ambirimbiri. Kukankhana kutayamba ndinamunyamula paphewa, ndinamva nthiti zanga zikuphwanyika, sindikudziwa kuti tinatuluka bwanji. Anthu 8 anamwalira tsiku limenelo, ambiri mwa iwo ana. Zitatha, chomwe ndinaona pansi pageti paja ndi mapatapata. Ang'onoang'ono, amitundumitundu, ali mbwee, lililonse palokha lopanda linzake. Mphwangayo anafika kunyumba ndi limodzi. Zaka zonsezi sindinamvepo nyimbo kapena ndakatulo ya ana amenewo. Mwina ilipo, ine sinandipeze. Ankapita kukaonera mpira basi.

Mayi Nabanda: Pepa Limbani. Pepa kwambiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo aja anali athu tonse.

Yamikani: Ndinali mbali ina ya bwalo ndi ng'oma yanga. Tinamva mochedwa. Sindinayambe ndakambapo ndi munthu.

Chikondi wa Penti: Aise, sindimadziwa. Ndikuganiza zoti pakhomapo pakhale chowakumbukira.

A Mbewe a ku Biwi: Apa ndiye tiyende mofatsa, ana anga. Khomalo lili pomwe ana amasewera tsiku ndi tsiku. Kodi tikufuna mwana wa zaka 7 azithamangitsa mpira pamaso pa maliro? Komanso ana aja ali ndi makolo awo, ali moyo, ena mwina amadutsa njira yomweyo. Sitinawapemphe. Chisoni cha eni sitingachitenge n'kuchipachika pakhoma chifukwa choti chatikhudza. Mayina ndi nkhope zawo, ine ndikuti ayi.

Thoko: Koma abambo, tikapanda kutero aiwalika. Panopa ana a sekondale ambiri sadziwa n'komwe kuti zinachitika.

A Mbewe a ku Biwi: Sindikuti aiwalike. Ndikuti khoma la pabwalo la ana si malo ake. Nyimbo ingathe, chifukwa nyimbo umaimba nthawi yake ikakwana, kenako umaisiya. Khoma silitseka pakamwa.

Mayi Nabanda: Nonse muli ndi mfundo. Kumbukirani amayi a pamtondo aja: sankatchula dzina, ankatchula chipewa. Chikondi, ndakatulo ya Tadala yakupatsa kale magolo a mapatapata. Jambula ana akusewera, amoyo, akuseka, fumbi lili kobo. Mapatapatawo uwajambule mosamala, lililonse ndi mtundu wake, lina loduka lamba n'kumangidwa ndi waya monga timachitira. Mwana woyang'ana adzaona golo. Limbani akadzadutsa adzaona zomwe anaona. Palibe amene walandidwa chisoni chake. Ndipo Limbani, zomwe walemba apazi usazifufute. Uzikopere m'kope momwe zililimu, usakongoletse.

Limbani: Ndilemba amayi. Tadala, udzandithandize kuziika m'mizere, ine sindidziwa kuti mzere umathera pati.

Tadala: Ndidzabwera achimwene, koma mawu akhale anu. Ine ndidzangokuwerengerani mokweza, mudzamva nokha popumira.

Yamikani: Ikatha mundipatse. Sindidzapita nayo kubwalo, si ya vuvuzela. Ndidzaphunzitsa kwaya, tidzaimbe sabata ya 6 Julaye, mwakachetechete, mwina ndi gitala imodzi.

Chikondi wa Penti: Zikomo nonse, ndinabwera ndi funso la nkhope imodzi, ndikubwerera ndi khoma lodzaza. Ndaganiza motere. Pakati ana asanu ndi chikulunga chachikulu choti linya yake izioneka mfundo iliyonse. Mpira uli kuphazi kwa mtsikana, Thoko wapambana pamenepo. Magolo ndi mapatapata. Kumanzere, pansi pa mtengo wa mango, madala atagwira wailesi kukhutu, a Mbewe mundibwereke nkhope yanu ngati mungalole. Kumanja mayi ataima pakhomo ndi mthiko, akuitana. Kinnah, Mwawi, Gaba ndi Temwa sindiwajambula nkhope, koma mayina awo ndiwalemba kumsana kwa malaya a anawo ngati olembedwa ndi makala, momwe ana amachitira. Limbani, Gaba wako alipo, kungoti ali ndi zaka 8.

Pansi ndilemba mzere womaliza wokha wa Tadala, "Dikirani amayi, chimodzi chokha", ndi dzina lake. Ndakatulo yonse singakwane, zilembo zikachepa siziwerengeka patali.

Tadala: Dzina la achimwene anga likhalepo m'malo mwa langa. Anapita ku Joni mu 2019, ndikufuna ndidzawatumizire chithunzi.

Mayi Nabanda: Onse awiri akhalepo. Iye anamanga mpira, iwe wamanga mizere.

A Mbewe a ku Biwi: Nkhope ndakubwereka. Wailesi ya Nzeru ndilibenso, koma ndikukumbukira maonekedwe ake, ndidzakujambulira papepala. Ndiperekanso malita 5 a penti yoyera ya pansi.

Mphatso: Ine ndibwera Lachisanu madzulo kudzajambula ana akusewera kuti mukhale ndi poonera kaimidwe ka miyendo. Koma tiyambe tapempha makolo awo, ndipo nkhope muzisinthe, asadziwike kuti uyu ndi mwana wa uje. Khomalo layang'ana kuti? Ngati limawombedwa ndi dzuwa la masana, yofiira isuluka chaka chisanathe.

Chikondi wa Penti: Layang'ana kum'mawa, masana limakhala pamthunzi. Pansi ndipaka yamadzi kawiri, zithunzizo ndi yamafuta kuti mvula ikayamba isatsuke. Chomwe chikundisowa ndi yabuluu, thina wosungunulira penti ndi makwerero. Loweruka 7 koloko ndiyamba kukwecha khoma ndi kulemba ndi choko. Amene angabwere abwere ndi zovala zoti zide.

Thoko: Ndibwera ndi atsikana a timu yathu tikamaliza maphunziro a m'mawa. Makwerero alipo kwa aneba athu akalipentala, ndikabwereka. Funso limodzi a Chikondi: mtsikanayo avale nsapato kapena ayi?

Chikondi wa Penti: Ayi. Zake ndi zomwe zili pagolozo.

Limbani: Thina ndigula ine. Mundidikire, ndikangotsitsa ulendo woyamba wa mutauni ndikhotera konko.